Mabuleki a selo akaduka: mmene khansa ya m'kati mwa chiberekero imayambira

Ku Mangochi mukangotchula khansa ya chiberekero, maganizo a ambiri amathamangira ku khomo la chiberekero, kuja anamwino amapakako viniga n'kuunika ndi nyali. Mpake kutero, pakuti Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri padziko lonse. Koma chiberekero chili ngati mtsuko wozondotsa. Khomo ndi kukamwa kwake chabe, ndipo m'kati mwa mtsukomo muli khungu lofewa limene madokotala amalitcha endometrium. Khungu limeneli lili ndi khansa yakeyake, yoyamba m'njira ina, yogwira amayi a msinkhu wina, ndipo viniga saiona ngakhale pang'ono. Padziko lonse amayi oposa 400,000 amapezeka nayo chaka chilichonse.

Tiyerekeze mayi wa zaka 58 wa ku Namwera. Anasiya kusamba zaka 6 zapitazo, ndipo m'mawa wina waona timadontho ta magazi pansalu. Chaka chatha anayezetsa khomo la chiberekero, anamuuza kuti zonse zili bwino. Anzake akuti ndi msambo wabwerera, zimachitika. Mwa amayi 100 amene amaona magazi atasiya kale kusamba, pafupifupi 9 amapezeka ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero, ndipo mwa amayi amene ali ndi khansayi, pafupifupi 90 pa 100 chizindikiro chawo ndi magazi omwewa. Ngati mayiyu ali m'gulu la 9 aja, matenda ake sanayambe m'mawa umenewo. Anayamba zaka zambiri m'mbuyomo, m'selo limodzi (maselo ndi tizigawo tating'ono kwambiri timene timapanga thupi), tsiku limene kachidutswa ka malangizo a selolo kanawonongeka.

Tiyambe ndi dzina, chifukwa kuno kunyanja mawu akuti "majini" ali ndi mwini wake kale. Majini amene tikunena pano si mizimu. Ndi ndime za malangizo zolembedwa mu DNA, ulusi wautali umene uli m'kati mwa pafupifupi selo lililonse la thupi. Ulusiwu unalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwa pafupifupi ka 3 biliyoni, ndipo muli majini pafupifupi 20,000 ouza selo mmene lingapangire mapuloteni. Ulusiwu unakulungidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu, 23 yochokera kwa mayi, 23 yochokera kwa bambo. Choncho pafupifupi jini lililonse tili nalo m'makope awiri.

Majini ena amauza selo kuti likule ndi kugawanika. Ena amaliletsa, amakonza zimene zalakwika, kapena amalilamula kuti lidziphe likawonongeka kwambiri. Gulu lachiwirili ndi limene limatchedwa majini oletsa zotupa. Aliyense amene anatsikapo chitunda cha msewu wa ku Namwera pa njinga ya kabaza akudziwa kuti njinga imafuna mabuleki awiri. Yakumbuyo ikaduka, yakutsogolo imagwirabe, ndipo wokwera mwina sadziwa n'komwe kuti china chalakwika. Ngozi imabwera zonse ziwiri zikaduka. Alfred Knudson anafotokoza mfundo imeneyi mu 1971 atawerengetsera bwino za ana odwala khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma. Ana obadwa ndi kope limodzi lowonongeka kale ankadwala adakali aang'ono kwambiri, kawirikawiri maso onse awiri, chifukwa kunkangotsala kuti kope linalo liwonongeke m'selo lina lililonse. Ana obadwa ndi makope onse abwino ankadwala mochedwerapo, diso limodzi lokha, chifukwa ngozi ziwirizo zinkayenera kugwera selo limodzi lomwelo. Jini lake, RB1, linapezeka mu 1986.

N'chifukwa chiyani khungu la m'kati mwa chiberekero lili pangozi yotere? Chifukwa ndi ziwalo zochepa kwambiri m'thupi zimene zimamangidwa ndi kugwetsedwa kawirikawiri ngati ilo. Mwezi uliwonse homoni ya estrogen imauza maselo ake kuti agawanike, ndipo khungu limene linatsala lopyapyala pakutha pa msambo limakhuthala kufika pa mamilimita 10 kapena kupitirira. Dzira likatuluka, thupi limatulutsa progesterone, imene imaletsa kugawanikako ndi kukhwimitsa khungulo. Mimba ikapanda kubwera, khungulo limasenda n'kutuluka ngati msambo. Selo lililonse likamagawanika limakopera DNA yake yonse, ndipo pokopera zilembo mabiliyoni sipalephera kulakwika pena.

PTEN: buleki imene imayamba kuduka

Mtundu wofala kwambiri wa khansayi umatchedwa endometrioid, ndipo jini limene limawonongeka kawirikawiri pamtundu umenewu ndi PTEN, lopezeka pa kromozomu 10. Linadziwika mu 1997. M'zotupa zambiri za mtunduwu, mpaka 8 mwa 10 m'kafukufuku wina, PTEN limapezeka lowonongeka.

Ntchito yake ndi yaing'ono poiona koma yaikulu. Uthenga woti selo likule ukafika pakhoma la selo, kaya wabwera ndi insulin kapena ndi mapuloteni ena olimbikitsa kukula, puloteni yotchedwa PI3K imamata kachidutswa ka phosphate pa mafuta ena a pakhomapo otchedwa PIP2, n'kuwasandutsa PIP3. PIP3 imakoka puloteni ya AKT, AKT imadzutsa mTOR, ndipo selo limalandira lamulo: idya shuga, panga mapuloteni, gawanika, usafe. PTEN imabwera pambuyo n'kuchotsa kachidutswa ka phosphate kaja, PIP3 n'kubwerera kukhala PIP2, uthenga n'kuzima. PTEN ikasowa, PIP3 imaunjikana ndipo lamulo lija limangomvekabe ngakhale wolitumiza atasiya kalekale. M'zotupa zambiri zomwezi mumapezekanso kuti jini lopanga PI3K, lotchedwa PIK3CA, lasintha n'kukhala lolimbikira mopitirira. Pamenepo njinga ilibe buleki ndipo wina akupalasabe.

Apa pali mfundo imene anthu ambiri saiyembekezera. Mu 2001 gulu la George Mutter ku Boston linaunika khungu la m'kati mwa chiberekero la amayi amene sankadwala, amene ankasambabe bwinobwino, ndipo linapeza timagulu ta maselo opanda PTEN mwa amayi pafupifupi 4 mwa 10. Ambiri mwa amayi otere sadwala khansa moyo wawo wonse. Timaguluto timatuluka ndi msambo, kapena timafota progesterone ikafika. Kuwonongeka kwa PTEN pakokha si khansa. Ndi mbewu yogwera pansi, ndipo chimene chimachititsa kuti imere ndi nthaka: estrogen yochuluka, ya nthawi yaitali, yopanda progesterone yoiletsa.

Nthaka yotereyi imapezeka m'njira zingapo, ndipo yaikulu ndi kunenepa. Mafuta a m'thupi ali ndi puloteni yotchedwa aromatase, imene imasandutsa mahomoni ena kukhala estrogen. Mayi akasiya kusamba, mazira satulukanso, progesterone imatsika kwambiri, koma mafuta amapitiriza kupanga estrogen tsiku ndi tsiku. Kunenepa kumayendanso ndi insulin yochuluka m'magazi, ndipo insulin imadutsa mu njira ija ya PI3K imene PTEN inkayenera kuitseka. Ichi n'chifukwa chake amayi onenepa kwambiri ndi odwala shuga ali pachiopsezo chachikulu. Kwathu kuno thupi lalikulu timaliyamikira, timati munthu akusamalidwa bwino pakhomo, koma chiberekero sichiliona motero. Chiopsezo chimakweranso kwa mayi amene sanaberekepo, amene anachedwa kusiya kusamba, amene amadumpha miyezi yambiri osasamba chifukwa mazira sakutuluka, ndi amene akumwa tamoxifen pochiza khansa ya m'mawere. Womwa tamoxifen asasiye mankhwala ake, phindu lake ndi lalikulu kuposa chiopsezochi, koma akaona magazi anene msanga.

Mimba ndi kuyamwitsa zimateteza, chifukwa m'miyezi imeneyo khungulo limapuma ku estrogen yopanda woletsa. Njira zolera zokhala ndi progestin, mankhwala ogwira ntchito ngati progesterone, zimatetezanso. Mphekesera yoti mapiritsi olera amayambitsa khansa ya chiberekero ndi yofala m'midzi, koma pakhansa iyi zoona zake n'zosemphana nayo: kafukufuku wamkulu wa 2015 anapeza kuti zaka 5 zilizonse zomwa mapiritsi a mahomoni awiri zimachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo chitetezocho chimakhalapobe zaka zoposa 30 mayi atasiya kumwa. Lupu wokhala ndi progestin wotchedwa levonorgestrel amagwiritsidwa ntchito ngakhale ngati mankhwala kwa amayi amene khungu lawo layamba kukhuthala molakwika.

Kukhuthala kumeneku ndi sitepe ya pakati. Kagulu ka maselo opanda PTEN kakakula, kamapanga malo othithikana amene pa maikulosikopu amatchedwa atypical hyperplasia kapena EIN. Si khansa, koma si chinthu chochisiya. Mwa amayi amene kachidutswa koyezedwa kaonetsa zimenezi, akachotsedwa chiberekero, pafupifupi 4 mwa 10 amapezeka kuti khansa inalimo kale pamalo ena amene kachidutswako sikanakhudze. Pa ulendo umenewu majini ena amagwanso, monga ARID1A, limene ntchito yake ndi kumasula DNA yokulungidwa kuti malangizo oyenera awerengeke. Zonsezi zimatenga zaka, ndipo chotupa cha njira iyi kawirikawiri chimakula pang'onopang'ono n'kutaya magazi chisanafalikire.

Osoka ukonde akasowa

Msodzi wa ku Msaka kapena ku Makawa akabwera kunyanja amayala ukonde n'kusoka pamene pang'ambika, asanabwererenso m'madzi. Selo lilinso ndi osoka ake. DNA ikakoperedwa, mapuloteni awiri, MSH2 ndi MSH6, amayenda paulusi watsopanowo kufufuza pamene chilembo chalakwika. Akapeza, amaitana awiri ena, MLH1 ndi PMS2, kuti chigawo cholakwikacho chidulidwe n'kulembedwanso. Ntchito imeneyi imatchedwa mismatch repair, ndipo imachepetsa zolakwika ka 100 kapena kupitirira apo.

Zolakwika zimachuluka pamalo amene chilembo chimodzi kapena ziwiri zabwerezedwa kambirimbiri, monga AAAAAA kapena CACACACA. Wokopera amaterereka pamenepo, n'kuwonjezera kapena kudumpha chilembo chimodzi. Poti selo limawerenga malangizo zilembo zitatuzitatu, kusowa kwa chimodzi kumasokoneza zonse zotsatira, ndipo puloteni imatuluka yoduka. Jini la PTEN lili ndi malo awiri amene A wabwerezedwa ka 6, ndipo ARID1A lilinso ndi malo otereku. Choncho osoka akasowa, mabuleki enawo amayamba kuduka motsatizana. Pafupifupi khansa za m'kati mwa chiberekero 25 mpaka 30 pa 100 zili ndi vuto limeneli.

Mwa zambiri mwa izo, jini la MLH1 silinang'ambike ayi, linangotsekedwa. Timagulu ta methyl timamatirira koyambirira kwa jinilo ndipo selo limalephera kuliwerenga, ngati buku limene masamba ake amatana. Zimenezi zimachitika m'chotupa mokha ndipo mayi sapatsira ana ake. Koma pa khansa pafupifupi 3 pa 100, mayiyo anabadwa ndi kope limodzi lowonongeka la MLH1, MSH2, MSH6 kapena PMS2, m'selo lililonse la thupi lake. Amenewa ndi matenda a Lynch. Aldred Warthin wa ku Michigan ndiye anayamba kuwalemba mu 1913, atamva kwa mayi wina wosoka zovala kuti abale ake ambiri ankamwalira ndi khansa ya m'matumbo, m'mimba ndi m'chiberekero. Henry Lynch anafotokoza mabanja ena otere mu 1966, ndipo dzina linakhala lake. Mwana aliyense wa munthu wa Lynch, wamwamuna kapena wamkazi, ali ndi mwayi wa 50 pa 100 wotengera kope lowonongekalo. Kwa mkazi amene watengera la MLH1 kapena MSH2, chiopsezo cha khansa ya m'kati mwa chiberekero pamoyo wake chimafika 40 pa 100 kapena kupitirira, ndipo imatha kubwera asanakwane zaka 50, ngakhale ali wochepa thupi.

Apa pakufunika kusamala kwambiri m'dera ngati lathu. M'mabanja ambiri a ku Mangochi mbumba imawerengedwa kuchikazi. Mukafunsa mayi za matenda a m'banja mwake, adzakuuzani za amayi ake, agogo ake, achemwali ndi amalume. Za kuchimuna zimakhala ngati za eni ake ena. Koma jini silidziwa za chikamwini. Limadutsa mwa bambo mofanana ndi mmene limadutsira mwa mayi, ndipo mwa amuna limaonekera ngati khansa ya m'matumbo. Wofunsa ayenera kufunsa mwachindunji za bambo, za azakhali, za abambo aang'ono: alipo amene ankachita chimbudzi cha magazi, kuwonda, n'kumwalira asanakalambe? Banja limene lili ndi anthu atatu odwala khansa za m'matumbo kapena m'chiberekero, m'mibadwo iwiri yotsatizana, mmodzi mwa iwo asanakwane zaka 50, ndi banja loyenera kuganiziridwa za Lynch. Mabanja otere ndi amene kawirikawiri amayamba kulozana zala za ufiti, pamene chimene chikuwatha ndi chilembo chimodzi cholakwika chimene agogo ena anabadwa nacho. PTEN nalonso limatha kubwera lowonongeka chibadwire, m'matenda osowa otchedwa Cowden, koma zimenezo n'zapatalipatali.

TP53: njira yachidule komanso yoopsa

Mayi wa ku Namwera uja akhoza kukhala wochepa thupi, wobereka ana 8, wopanda shuga. Zimene tafotokoza za estrogen sizikumukhudza, koma akhoza kukhalabe ndi khansa, ndipo ikhoza kukhala yoopsa kwambiri. Jan Bokhman anasonyeza mu 1983 kuti khansayi ili ndi mitundu iwiri, wina woyenda ndi estrogen, wina wosayenda nayo. Pakati pa mtundu wachiwiriwu pali jini la TP53, la pa kromozomu 17.

Puloteni yake, p53, inapezeka mu 1979, ndipo kwa zaka pafupifupi 10 asayansi ankaiona ngati yoyambitsa khansa, chifukwa imene ankaipeza yochuluka m'zotupa inali yowonongeka kale. Mu 1989 zinadziwika kuti yabwinobwino ndi yoletsa zotupa. M'selo labwino p53 imapangidwa nthawi zonse koma imaphwanyidwa m'mphindi zowerengeka ndi puloteni ya MDM2. DNA ikaduka, kuphwanyako kumaima, p53 imaunjikana n'kuyamba ntchito. Choyamba imadzutsa p21, imene imaimitsa selo kuti lisagawanike mpaka zokonza zithe. Kuwonongekako kukakhala kwakukulu, imadzutsa mapuloteni ngati PUMA ndi BAX, ndipo selo limadzipha mwadongosolo kuti lisabereke ana owonongeka. Njovu za ku Liwonde zili ndi makope pafupifupi 20 a jini limeneli pamene munthu ali ndi limodzi la makope awiri, ndipo asayansi akuganiza kuti ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nyama yaikulu chotero, ya maselo ochuluka chotero, sidwala khansa kawirikawiri.

Pa TP53 lamulo la mabuleki awiri limapindika pang'ono. Mapuloteni a p53 amagwira ntchito anayianayi, atagwirana. Kusintha kwa chilembo chimodzi kumapanga puloteni yopunduka imene imalowabe m'gulu la anayiwo n'kufooketsa anzake abwino. Kope limodzi lowonongeka limayamba kale kuchepetsa chitetezo, ndipo kawirikawiri kope labwinolo limadzatayika pambuyo pake. Selo lotere limagawanika ngakhale makromozomu ake ali oduka. Zidutswa zina zimatayika, zina zimachulukitsidwa kambirimbiri, ndipo m'zotupa zina jini lolimbikitsa kukula la HER2 ndi limene limachulukitsidwa.

Mu khansa yotchedwa serous, imene ili ya mtundu wachiwiri uja, TP53 limapezeka lowonongeka pafupifupi 9 mwa 10, ndipo zili chimodzimodzi mu khansa ina yoopsa ya m'chiberekero yotchedwa carcinosarcoma. Khansa ya serous imamera pakhungu lopyapyala, lofota, la mayi wachikulire, nthawi zina pamwamba pa kanyama kolendewera kotchedwa polyp. Sidutsa sitepe ya kukhuthala ija. Maselo ake amatha kusenda, kudutsa m'machubu a mazira n'kufalikira m'mimba, chotupa cha m'chiberekero chidakali chaching'ono. Ndi gawo laling'ono la odwala onse, pafupifupi 10 pa 100, koma imapha ambiri kuposa mmene chiwerengerocho chikuonetsera. Ku United States amayi akuda amadwala mitundu ya TP53 kawirikawiri kuposa azungu, ndipo amamwalira ndi khansa ya chiberekero pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mfundo imeneyi ndi yoti aliyense wogwira ntchito m'chipatala cha kuno aikumbukire, chifukwa chithunzi cha m'mabuku cha "mayi wonenepa wa shuga" chingachititse kuti mayi wowonda abwezedwe kunyumba.

Khansa ya khomo la chiberekero imafika pa mabuleki omwewa koma polowera kwina. Kachilombo ka HPV, makamaka mitundu 16 ndi 18 imene imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansayo, kamapanga puloteni ya E6 imene imachititsa kuti p53 iphwanyidwe, ndi E7 imene imamanga puloteni ya RB1. Majiniwo amakhala abwinobwino, koma mapuloteni awo amachotsedwa pantchito. N'chifukwa chake katemera wa HPV, amene Malawi anayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019, amateteza khomo la chiberekero koma sateteza m'kati mwake. Zotupa za mnofu wa chiberekero zotchedwa fibroids, zimene amayi ambiri ali nazo, si khansa ndipo zili ndi majini awoawo.

Zimene kudziwa jini kumasintha pa chithandizo

Mu 2013 gulu la The Cancer Genome Atlas linawerenga majini a zotupa 373 za m'kati mwa chiberekero n'kupeza magulu anayi. Loyamba, laling'ono, pafupifupi 7 pa 100, lili ndi vuto pa jini la POLE, limene limathandiza wokopera DNA kudzikonza yekha akalakwitsa. Zotupa zimenezi zili ndi zolakwika zambiri kuposa zina zonse ndipo pa maikulosikopu zimatha kuoneka zoopsa, koma odwala ake ndi amene amachira kwambiri. Zikuoneka kuti maselo odzaza ndi zolakwika amaoneka achilendo, ndipo chitetezo cha m'thupi chimawazindikira msanga. Lachiwiri ndi la osoka ukonde aja. Lachitatu lilibe zizindikiro zimenezi, ndipo zambiri mwa zotupa zake ndi za PTEN ndi estrogen. Lachinayi ndi la TP53, limene limabwerera kawirikawiri ndi kupha ambiri. Mu 2023 FIGO, bungwe la padziko lonse la madokotala a matenda a amayi, linalowetsa magulu amenewa m'ndondomeko yake yoyezera pamene khansayi yafika.

Chithandizo chachikulu chikadali opaleshoni yochotsa chiberekero chonse pamodzi ndi khomo lake, machubu ndi mazira. Khansa ikapezeka isanatuluke m'chiberekero, kumene chithandizo chili chokwanira amayi oposa 90 pa 100 amakhala ndi moyo zaka 5 zitadutsa. Gulu la chotupa ndi limene limathandiza kusankha chotsatira. Mayi wa POLE wopezeka msanga angathe kusiyidwa popanda mankhwala ena. Wa TP53 kawirikawiri amafunika mankhwala opha maselo a khansa otchedwa carboplatin ndi paclitaxel, masabata atatu alionse, maulendo 6, ngakhale chotupa chitaoneka chaching'ono, ndipo kafukufuku wa PORTEC-3 anasonyeza kuti gulu limeneli ndi limene limapindula kwambiri mankhwalawa akawonjezeredwa pa chithandizo cha radiotherapy, chopha maselo a khansa ndi cheza. Zotupa zopanda mismatch repair zimamva mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi monga pembrolizumab ndi dostarlimab, ngakhale mtengo wake ndi wosafikirika kwa mabanja ambiri.

Kuwerenga DNA kumafuna makina odula, koma magulu awiri mwa anayiwa amatha kuzindikirika ndi utoto wapadera pakachidutswa ka chotupa, njira yotchedwa immunohistochemistry. P53 yopunduka siphwanyidwa, choncho imadzaza pafupifupi m'maselo onse a chotupa n'kuwadetsa kwambiri, kapena imasoweratu ngati jini laduka. Yabwinobwino imaoneka mwa apo ndi apo. Pa osoka ukonde, utoto ukasonyeza kuti MSH2 ndi MSH6 palibe, Lynch ndi woyamba kuganiziridwa. Zikasowa MLH1 ndi PMS2, kawirikawiri ndi kutsekedwa kuja kwa methyl, ndipo pamafunika kuyezanso kuti zitsimikizike.

Zonsezi zimadalira chinthu chimodzi: kachidutswa ka khungulo kafike ku labotale kali bwino. Ndipo pamenepa ndi pamene zambiri zimatayika, mayi asanaonane n'komwe ndi katswiri wa ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. M'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe likodzo ndi lofala, ndipo limathadi kutulutsa magazi kumaliseche, choncho n'kosavuta kupereka praziquantel kapena mankhwala a matenda opatsirana pogonana n'kumuuza mayi kuti apite. Mankhwalawo si olakwika, koma kwa mayi amene anasiya kusamba safotokoza magaziwo mpaka m'kati mwa chiberekero mutaunikidwa. Sikani yodzera kumaliseche ikaonetsa khungu la mamilimita 4 kapena kucheperapo, chiopsezo chimakhala chochepa, koma lamuloli lili ndi mpata. Khansa ya serous imamera pakhungu lopyapyala, ndipo ma fibroids amaphimba khungulo kuti lisayezeke bwino. Kafukufuku wa ku United States anasonyeza kuti muyezo umenewu umaphonya khansa zambiri mwa amayi akuda. Magazi akabwereranso, kachidutswa katengedwe, kaya sikani yanena zotani. Kamatengedwa ndi kachubu kopyapyala kotchedwa pipelle, kapena ndi chida choyamwa cha pamanja chotchedwa MVA, kapena pokokola m'chiberekero. Zotsatira zikati kachidutswa kanali kosakwanira, tanthauzo lake si lakuti mulibe khansa, koma kuti pakufunika kutenganso. Kuchotsa chiberekero poganiza kuti ndi ma fibroids, n'kusiya khomo lake, osayamba wayeza khungu la mayi wotaya magazi atasiya kusamba, kumatha kusiya khansa m'thupi.

Kachidutswako kaikidwe nthawi yomweyo mu formalin (mankhwala oteteza nyama kuti isawole) wa 10 pa 100, wochuluka ka 10 kuposa kukula kwake, osati m'madzi wamba kapena m'madzi a mchere a m'chipatala (saline). Formalin amalowa m'nyama pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa ola, ndiye chiberekero chathunthu chikaponyedwa m'ndowa chosang'ambidwa, kunja kumauma bwino pamene khungu la m'kati, limene lili ndi yankho, likuwola. Ndi kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala zimenezi sizitenga nthawi. Chiberekero ching'ambidwe kuti formalin afike m'kati. Kukhalitsa mu formalin masabata ambiri nakonso kumawononga mapuloteni amene utoto uja umafufuza. Ku labotale kachidutswako kamaumbidwa mu phula, ndipo phula limenelo limasungika zaka zambiri, kotero utoto wa p53 kapena wa MSH2 ungapakidwe ngakhale patapita nthawi, malo ochitira zimenezo akapezeka. Mayi kapena womuperekeza apemphe kuti nambala ya kachidutswako ndi tsiku limene kanatengedwa zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Nambala imeneyo ndi imene idzathandize kupeza zotsatira zikachedwa, ndipo ngati chotupacho chili cha Lynch, ndi imene ana ake aamuna ndi aakazi adzayambire pofunsa za kuunikidwa matumbo, kumene kwa otengera MLH1 kapena MSH2 kumayamba pa zaka pafupifupi 25 n'kumabwerezedwa chaka chimodzi kapena ziwiri zilizonse.